Ukwati wa anthu ochepa pamwamba pa phiri la Mulanje: tinyamule chiyani, tiyambe n'kukonza chiyani?

NaBanda wa ku Chilomoni

Moni nonse. Ine ndi bwenzi langa tagwirizana kuti ukwati wathu usakhale wa mu holo, wokhala ndi makomiti, mdipiti wa magalimoto ndi perekaniperekani wa tsiku lonse. Tikufuna kukalumbirirana pamwamba pa phiri la Mulanje m'mwezi wa Julayi kapena Ogasiti, tili ndi mboni ziwiri ndi wojambula zithunzi mmodzi basi. Tonse timagwira ntchito kuno ku Blantyre, ndipo ndalama zimene tasunga tikufuna tigulire poloti m'malo mozithera pa phwando. Phiri limene tidakwerapo ndi la Michiru lokha, ndipo sitinagonepo kuthengo.

Ndikupempha amene mukulidziwa bwino phirili mutiuze zoyenera kunyamula, malo amene anthu osazolowera angafikeko, ndiponso ngati n'zotheka kukwera ndi diresi yoyera ndi suti osaziwononga. Chinanso chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti makolo sitinawauze, chifukwa tikuopa kuti akangomva, nkhani yonse ichoka m'manja mwathu.

Bambo Mbewe wa ku Namiwawa

Achemwali, maganizo anu ndi abwino ndipo ndi otheka, koma Mulanje si Michiru. Ku Michiru mumakwera m'mawa n'kudzadya nkhomaliro kwanu, pamene ku Mulanje mukangofika pamwamba mwatalikirana ndi msewu, sitolo ndi chipatala kwa maola angapo oyenda pansi. Zonse zimene mungafune usiku umenewo ziyenera kukhala pamsana pa munthu.

Choyamba, musaganize za Sapitwa. Nsongayo ndi ya mamita 3,002, njira yake ndi ya matanthwe ofuna kukwawa ndi manja, ndipo nyengo imasintha mofulumira kwambiri. Mu Julayi 2009 mlendo wina wa ku Brazil adamwalira ndi chisanu kumeneko atapitiriza ulendo yekha popanda womulondolera. Kwa inu malo oyenera ndi kanyumba ka Chambe, kamodzi mwa tinyumba togonamo okwera phirili. Mukachoka ku Limbe mudzere msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo, mukhote pa Chitakale kulowera ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya zankhalango. Pamenepo mpamene mumalembetsa maina, kulipira zolowera ndi zogonera, komanso kupeza wolondolera ndi onyamula katundu. Kuchoka ku Likhubula kupita ku Chambe kuli njira ya Skyline, imene ndi yaifupi koma yachitunda kwambiri, ndiponso ya Chapaluka, imene imatsata mtsinje n'kudutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba. Munthu wosazolowera awerengere theka la tsiku, ndipo anyamuke m'mamawa dzuwa lisanakwere. Mukakafika, khoma lalikulu la nsonga ya Chambe lidzakhala moyang'anizana nanu, ndipo sindikudziwa holo ya mu Blantyre imene ingakongoletsedwe kufika pamenepo.

Miyezi imene mwasankha ndi ya chisanu. Mvula yaikulu imakhala itatha, koma ndi nthawi ya chiperoni, pamene chifunga ndi mawawa zimatha kukuta phiri masiku awiri kapena atatu osaona ngakhale mtengo uli patsogolo panu. M'mawa wa Julayi udzu wa pamwambapo umapezeka utayera ndi chisanu. Ngati mungathe, sankhani kumapeto kwa Ogasiti kapena Sepitembala, ndipo mupemphe tchuthi chokhala ndi tsiku limodzi lapadera, kuti chifunga chikakutsekerani Loweruka mukhale nalo Lamulungu. Dziwaninso kuti mpikisano wothamanga wa Porters Race umachitika cha mu Julayi, ndipo masiku amenewo ku Likhubula kumadzaza anthu.

Pa za katundu, nsapato ndiye mutu wa nkhani. Gulani zolimba, zokhala ndi mapazi ogwira pamwala, ngakhale za pa kaunjika, ndipo muyambe kuzivala tsopano pokwera Michiru kapena Ndirande kumapeto kwa sabata iliyonse. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza musanafike theka la njira. Aliyense akhale ndi juzi yaubweya, jekete yosalowa madzi, chipewa chofunda, masokisi okhuthala angapo, ndi sleeping bag kapena bulangete lolemera. Zovala zogona nazo muzikulunge m'majumbo musanaziike m'chikwama, kuti ngakhale mvula itakunyowetsani panjira mukhale ndi chouma chosinthira. Tochi yovala pamutu ndi yabwino kuposa ya pa foni, chifukwa kumtundako kulibe magetsi ndipo batire limatha msanga kukazizira.

Pa tinyumbati pamakhala mlonda amene amakonza nkhuni ndi madzi, koma chakudya n'chanu. Tengani mpunga kapena ufa, soya pieces, mazira owiritsa, mtedza, tiyi, shuga, mchere, machesi ndi makandulo, ndipo muwerengere pakamwa pa aliyense amene ali pa ulendowo. Za matiresi ndi mapoto mufunsiretu ku bungwe la okwera mapiri la Mountain Club of Malawi kapena kwa wolondolera wanu musananyamuke, chifukwa zina zimakhala m'chipinda chokiyidwa. Ndalama zikhale zogwirika m'manja komanso zosinthasintha, popeza netiweki imapezeka apo ndi apo ndipo simungadalire Mpamba kapena Airtel Money. Mtengo wa wolondolera ndi onyamula katundu mugwirizane musanayambe kukwera, ndipo musawasenzetse mopyola muyeso. Anthu amenewa ndi amene adzakutsitsani ngati wina atabinya mwendo.

Mayi NaPhiri wa ku Ndirande

Mwana wanga, za phiri ndawasiyira a Mbewe, ine ndilankhulako pa chiganizo chako chomaliza, chifukwa ndi chimene chalemera kuposa chikwama chilichonse.

Ndakhala nkhoswe wa ana a abale anga, ndipo ndikumvetsa chimene ukuthawa. Ukwati wa masiku ano wasanduka mpikisano, ndipo ndaona mabanja akuyamba ndi ngongole ya keke, ya holo ndi ya oimba, kenaka n'kumakangana mwezi woyamba womwe. Kukana zimenezo si kulakwa. Koma phwando ndi ankhoswe ndi zinthu ziwiri zosiyana. Phwando ukhoza kulisiya osataya kanthu. Ankhoswe ndi amene udzawagogodera usiku zinthu zikavuta m'nyumba, ndi amene adzakhala pansi ndi akuchimuna pakagwa matenda kapena maliro, ndipo amalume ako sangakaimire ukwati umene adaumvera pa Facebook. Adzangoti sakuudziwa, ndipo pamenepo palibe adzawatsutse.

Chimene ndingakulangize n'chakuti upite kwa amalume ako, naye bwenzi lako apite kwa ake, muwauze kuti mukufuna chinkhoswe cha pakhomo, cha anthu okwana pakhonde limodzi. Ankhoswe adziwane, asinthane tambala ndi msoti, adyere pamodzi, basi. Zimenezo sizifuna holo kapena zokuzira mawu. Ukawauza kuti ndalama zatsalazo mukugulira malo, ambiri mwa akuluakulu amamvetsa, ngakhale azakhali ena adzadandaula kuti awamana kuvina. Kudandaula koteroko kumatha pakapita miyezi, koma kubisiridwa sikuiwalika.

Palinso za boma. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa kalembera wa boma, wa kumpingo kapena kumzikiti, ndi wachikhalidwe. Kwa kalembera mumapereka chidziwitso chimene chimakhomedwa poyera masiku 21, ndipo pa tsikulo pamafunika mboni ziwiri. Kumpingo nakonso amaulutsa milungu itatu, ndipo m'mipingo yambiri sangakulembeni popanda ankhoswe. Malumbiro a awiri pathanthwe, ngakhale atakoma bwanji, sakupatsani mtchatho, ndipo mtchathowo udzafunika ku banki, kuntchito ndi pa nkhani za chuma cha banja. Tsirizani zonsezi kuno ku Blantyre, kenaka mukwere phiri lanu mtima uli m'malo. Ngati mukufuna abusa akadalitse komweko, kambiranani nawo msanga, chifukwa mpingo uliwonse uli ndi malamulo ake pa za malo odalitsira ukwati, komanso si mbusa aliyense amene miyendo ingamulole.

Chisale wa ku Zingwangwa

Ine ntchito yanga ndi yojambula zithunzi, ndipo ndiyankha za diresi. Musakwere mutavala. Njira ili ndi fumbi lofiira, udzu wautali ndi miyala yoterera, ndipo thukuta lokha likhoza kuononga nsalu musanafike. Kwerani mutavala zoyendera, mukasinthire m'kanyumba. Uzani telala wanu asoke diresi yopepuka, yopanda mawaya ndi mchira wautali, ya nsalu yosachita makwinya msanga, yolekezera pamwamba pa akakolo. Musaipinde, koma muikulunge ngati mphasa mkati mwa chitenje choyera bwino, muilowetse m'jumbo lalikulu, ndipo ikhale pamwamba pa katundu yense. Mukangofika muipachike, pofika m'mawa idzakhala itawongoka. Suti ya achimwene ichitidwe chimodzimodzi, ndipo shati yoyera atenge ziwiri. Diresi yobwereka kwa obwereketsa ndikukuletsani, chifukwa ikakodwa paminga mudzalipira mtengo wa yatsopano.

Nsapato za gogoda zisiyeni kunyumba. Pansi pa diresi valani zomwe mwakwera nazo, kapena tengani zafulati zongojambulitsira. Konzaninso shawelo kapena chitenje chokhuthala chogwirizana ndi diresi, pakuti nthawi yabwino yojambula ndi pamene dzuwa likungotuluka kapena likamapendeka madzulo, ndipo nthawi zonse ziwirizo kumazizira koopsa. Mkwatibwi amene akunjenjemera amaoneka pa chithunzi, milomo imauma ndipo mapewa amakwera m'mwamba. Mafuta a milomo ndi fulasiki ya tiyi wotentha zimathandiza kuposa zodzoladzola zambiri. Tsitsi likhale loluka, chifukwa mphepo ya kumeneko siisiya wigi kapena velo lalitali pamalo pake.

Mphete zisakhale m'thumba la buluku. Muziike m'kabokosi, kabokosiko m'kathumba ka zipi mkati mwa chikwama chimene mwabereka nokha. Mawu a malumbiro muwalembe papepala, musadalire foni. Wojambula wanu mumufunse mosabisa ngati adakwerapo phiri atanyamula zida zake, ndipo atenge mabatire okwanira masiku onse. Usiku mabatirewo agone nawo m'zofunda kuti asathe ndi kuzizira.

Pa maluwa ndimasiyana ndi anthu ambiri. Maluwa enieni amafota panjira, ndipo kuthyola a m'phirimo n'kosayenera chifukwa ndi nkhalango yotetezedwa, komanso mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Kamtolo kakang'ono ka maluwa ouma kamakwanira. Musamwaze timapepala tonyezimira kapena kusiya mabotolo, ndipo zinyalala zonse zitsike nanu. Mkungudza wa ku Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha kudula mozemba ndi moto, choncho moto muusonkhe pokhapo pamene mlonda wakuonetsani.

NaBanda wa ku Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse. Amayi a ku Ndirande, mawu anu ndamuwerengera bwenzi langa, ndipo tagwirizana kuti tikaonane ndi amalume mwezi uno usanathe. Koma tsopano pabuka funso lina. Ndikudziwa kuti mayi anga akamva adzafuna kudzaona ndi maso awo, ndipo ali ndi vuto la mawondo moti sangakwere mpaka ku Chambe. Kodi pali njira yoti iwo akhalepo popanda ife kusiya maganizo a phiri?

Bambo Mbewe wa ku Namiwawa

Njira ilipo, achemwali. Gawani mwambowo pawiri. Ku Likhubula kuli malo ogona alendo, kuphatikizapo Likhubula House ya mpingo wa CCAP, ndipo galimoto imafika. Makolo ndi ankhoswe akhoza kugona kumeneko, mupemphere ndi kudyera pamodzi madzulo m'tsinde mwa phiri, ndipo m'mawa mwake akutsanzikeni inu mukuyamba kukwera. Amene ali ndi mphamvu akhoza kukuperekezani mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, ulendo wa pafupifupi ola limodzi, koma kwa mayi a mawondo ovuta ngakhale pamenepo ndi patali, ndiye musawakakamize. Pa dziwepo samalani ndi miyala yonyowa, madzi ake ndi ozizira kwambiri ndiponso akuya, ndipo Loweruka ndi Lamulungu pamadzaza anthu, choncho pakati pa sabata mpabwino.

Ngati mayi akufunitsitsa kuona malumbiro enieniwo, ganizirani za phiri la Zomba, kumene msewu umakwera mpaka pamwamba ndipo galimoto yamphamvu imafika ku Emperor's View ndi Queen's View. Mukhoza kulumbirira kumeneko onse alipo, Mulanje n'kukhala ulendo wanu awiri pambuyo pake.

Mukasankha Mulanje, mufunse wolondolera za mmene njira zilili panopa, chifukwa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adagumula nthaka ndi miyala m'malo ambiri a phirili. Mumverenso zimene angakuuzeni pa za malo amene anthu a kumeneko amawalemekeza chifukwa cha mizimu ya makolo, musakajambulirepo kapena kuchita phokoso pamene wakuletsani. Tengani kabokosi ka mankhwala kokhala ndi mapulasitala, bandeji yomangira bondo, panado ndi Thanzi ORS, ndipo amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku atenge opitirira masiku a ulendowo. Musananyamuke ku Likhubula, siyirani mayi kapena amalume dzina la wolondolera, nambala yake, kanyumba kamene mukagone ndi tsiku lotsika, kuti mukachedwa adziwe kokafunsa.