Kodi loboti yovuta kusandutsa ikadali chidole?

Kadzidzi84 analemba:

Anzanga osonkhanitsa zidole za Transformers, maloboti osanduka magalimoto ndi zinthu zina, ndikupempha nzeru. Mwezi wathawu ndinagula loboti yosanduka lole, yopangidwa ndi kakampani kena, ndipo kuti ndiisandutse koyamba ndinatha mphindi 40, kapepala ka malangizo kali pamwendo, mtima uli m'mwamba poopa kuthyola kahinji ka paphewa kopyapyala ngati chikhadabo. Kuyambira tsikulo ili pashelefu ndipo sindinaikhudzenso, pomwe Optimus Prime wanga wa 1984, loboti yosandukanso lole, yemwe utoto unayamba kale kusupuka, ndimamusandutsa uku ndikucheza ndi alendo. Kodi opanga zidolezi akusokoneza pati, kapena ndine amene ndakalamba?

Mlonda wa Cybertron anayankha:

Simunakalambe ayi, achimwene. Chimene chinasintha ndi choyamba kupangidwa pakati pa chidole ndi katuni. Zidole zimene kampani ya ku America ya Hasbro inatulutsa mu 1984 zinalipo kale ku Japan, m'magulu a Diaclone ndi Micro Change a kampani ya Takara, ndipo ojambula katuni anachita kuzitsatira pambuyo, akuchotsa matayala ndi zigamba zimene zinkawavuta kujambula. Masiku ano ndi chidole chimene chikuthamangira katuniyo. Gulu la Masterpiece, la zidole zopangira akuluakulu osonkhanitsa, linayamba mu 2003 ndi chidole cha nambala MP-1, koma pofika pa Megatron wa MP-36 mu 2017 ndi Convoy (dzina la Optimus Prime ku Japan) wa MP-44 mu 2019, cholinga chinali chakuti lobotiyo ifanane ndendende ndi ya pa kanema. Tsono chitseko cha lole chimene wojambula anangochifufuta ndi dzanja, mmisiri ayenera kuchipinda katatu n'kuchibisa m'mwendo kapena kumsana. Timahinji tambirimbiri tija timachokera pamenepo, ndipo ndife ogula amene tinapempha zimenezi.

Mayi wa Awiri anayankha:

Ine ndilankhulako monga kholo. Zidole zazikulu za filimu ya Transformers ya 2009 zinatchuka chifukwa chovuta, moti ana ambiri ankangopereka kwa makolo kuti awasandutsire, ndipo mu 2014 kunabwera zija zosanduka ndi kukankha kumodzi kokha. Kwa ine zimenezo zinapitirira muyeso mbali inayo, pakuti mwana amasangalala akamaona kuti wagonjetsa kanthu ndi manja ake.

Chitsulo Chakale anayankha:

Ndikugwirizana nanu mayi, koma ndingawonjezere kuti kuwerenga masitepe olembedwa pabokosi sikuthandiza kwenikweni. Chidole cha masitepe 30 chimatha kukoma ngati chiwalo chilichonse chikulowa pamalo pake n'kumveka kuti "thi", ndipo manja amaloweza okha mukachisandutsa kawiri kapena katatu. Chotopetsa ndi chija chofuna kuti zigamba zisanu zikumane nthawi imodzi, mukatseka kuno kwina n'kutseguka.

Ndimayang'ananso chimene chimachitika munthu akalakwitsa. Zidole za gulu la Beast Wars, zosanduka nyama, za 1996 zinali ndi mfundo zobulungira, moti mkono ukakokedwa mwamphamvu unkangoguluka, n'kuubwezera pomwepo. Kahinji ka pulasitiki woonekera mkati sikakhululuka choncho, ndipo pulasitiki wagolide wa zidole zina zakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, monga Black Zarak, amafumbutuka ngati bisiketi.

A Kadzidzi, yanuyo itsitseni pashelefu muyesenso kachiwiri popanda kapepala. Mukakakamira pamalo omwewo a paphewa, igulitseni kwa wokonda kujambula zithunzi, ndipo ndalamazo muyang'anire Convoy wa gulu la Missing Link wa 2024, yemwe amasanduka pafupifupi ngati wanu wakaleyo koma ali ndi mfundo zochuluka zomuimikira mmene mukufunira.