Za mng'ono wanga uja, zayendako

Mwezi watha ndinafunsa kuti mng'ono wanga angatani poti alamu amamumenya koma iye sakufuna kuti amangidwe, akuti ana adya chani. Ambiri munati ankhoswe, komatu ankhoswewo anakhalapo kale katatu palibe chinasintha.

Nde tinapita ku Victim Support Unit (ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza) pa polisi ya Kasungu, kumeneko anatiuza za lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la 2006, loti munthu utha kupempha protection order (chiletso cha khoti chokuteteza kwa wokuchitira nkhanza) kwa majisitireti popanda kumangitsa munthu. Tinalemba mafomu, tinapereka lipoti lakuchipatala, khoti linapereka kaye yongoyembekezera alamuwo asanabwere nkomwe, kuti asamuyandikire kapena kumuopseza pafoni, akaphwanya nde apolisi awagwira.

Chomwe chinandikhudza mtima ine ndi occupation order, yoti mkazi atsale m'nyumba ndi ana, mwamuna ndiye atuluke. Ifetu tinazolowera kuti wothawa ndi mkazi, usiku, mwana kumsana. Imeneyo tapempha, tikudikira.

Sabata yamawa tibwereranso kukhoti za ndalama zosamalira ana, a Legal Aid Bureau (maloya aboma othandiza osowa pa milandu) akutithandiza. Usiku wathawu mng'ono wangayo wagonako tulo mpaka kucha.