Buluku la softshell la madola 130: ndigule kapena ndisiye?

Chikondi: Moni akuluakulu nonse. Ndithandizeni nzeru. Mu Julayi muno tikupita ku Afriski ku Lesotho, malo otsetserekera pa chipale ndi ma ski (timatabwa tomanga kumapazi), ndi anzanga a kuntchito, ndipo mu Seputembala ndikufuna kuyesa Kilimanjaro. Msuweni wanga wa ku Johannesburg wandipezera buluku la nsalu yotchedwa softshell la madola 130, akuti atha kulitumiza pa basi ndikalilandire pa siteshoni ya Roadport kuno ku Harare. Ndalama imeneyi kwa ine ndi yambiri. Ndigule?

A Phiri a ku Mufakose: Mwana wanga, madola 130 buluku limodzi? Ine Nyangani ndakwera kanayi, phiri la mamita 2,592, nditavala buluku la masewera logula pa kaunjika ku Mupedzanhamo. Ndinapita, ndinabwerera. Ndalamayo ikani pa nsapato. M'phiri chimabweza munthu ndi phazi.

Nabanda: A Phiri, za nsapato ndikugwirizana nanu, koma za buluku musazichepetse. Ine ndinakwera Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, mu Juni nditavala jinzi. Tinanyamuka pa kanyumba kogona ka Chisepo kumwamba kuli mbee, koma pofika masana chiperoni chinatikuta. Mvula yake yamawawa chabe, koma jinzi inamwa madzi n'kuuma gwa ngati chikumba. Kukweza mwendo pa thanthwe kunali kovuta, m'ntchafu munasupuka, ndipo potsika ndinkanjenjemera mpaka kulephera kumanga chingwe cha nsapato. Usiku wonse jinziyo inali pafupi ndi moto, kukucha inali ikadali yonyowa m'chiuno. Thonje likanyowa limakuyamwa kutentha konse. Chikondi, chilichonse ugule, koma chisakhale cha thonje.

A Phiri a ku Mufakose: Jinzi ayi, imeneyo ngakhale ine sindingavale. Langa lija linali la nayiloni.

Madalitso: Achemwali a Chikondi, ine ndinavala mabuluku amenewa zaka zitatu ndili pa sukulu ku Norway, ndiye ndinene zomwe ndinaona. Softshell ndi nsalu ya nayiloni kapena polyester yosakaniza ndi ulusi wotanuka, pamwamba pake n'kupakapo mankhwala othamangitsa madzi, aja amati DWR. Ubwino wake ndi woti imatchinga mphepo koma thukuta limatuluka. Kumeneko anthu amakwera phiri okha pa ma ski, atamata zikopa kunsi kwake kuti asabwerere m'mbuyo, maola atatu kapena anayi akutuluka thukuta kunja kukuzizira koopsa. Ukavala buluku losalowa madzi pa ntchito yotero umanyowa ndi thukuta lako lomwe, ndipo ukangoima pamwamba chisanu chimakulowa m'mafupa. Softshell anaipangira zimenezo.

Koma ku Afriski n'kosiyana. Pamwamba amakukwezani ndi makina, ndipo munthu wongoyamba amagwa pafupipafupi, nthawi yambiri amakhala pansi pa chipale. Softshell ikatsamiridwa pa chipale imalowa madzi kumatako ndi m'mawondo. Ulendo umenewo valani chofunda chothina m'kati, pamwamba buluku losalowa madzi, basi.

Chikondi: Ndiye kuti la softshell si la mvula? Ine ndimayesa pa mtengo umenewu ndiye kuti madzi salowa.

Madalitso: Ambiri amanamizika pomwepo. Mame a m'udzu, nkhungu, kamvula ka mphindi zochepa, madzi amangogubuduka. Mvula ya Disembala ya ku Nyanga ikakupezani, mumanyowa ndithu. Kusiyana kwake ndi jinzi n'koti limauma muli chiyendere.

A Phiri a ku Mufakose: Mwamva? Madola 130, komanso agule lina la mvula. Ndi zomwe ndikukanazo. Kilimanjaro tsiku loyamba mumadutsa m'nkhalango momwe mvula siichenjeza, ndiye la mvulalo ndi lomwe sangalisiye. Mwana akulipira kale chiphaso cholowera, operekeza, onyamula katundu, ndege. Ndalama siimera m'munda.

Nabanda: Zoona a Phiri, koma taganizani masiku asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri m'buluku limodzi. La mvula limakhala m'chikwama, mwina ulivala kawiri. Lomwe umakhala nalo pathupi kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi linalo. Pamwamba pa nkhalango ndi fumbi, miyala ndi mphepo. Usiku womaliza amanyamuka pa msasa wa Barafu cha pakati pa usiku kuti dzuwa likawatulukire chakufupi ndi nsonga ya Uhuru, mamita 5,895, madzi a m'botolo akuundana. Pamenepo umafuna buluku lotanuka loti m'kati mulowe chofunda, pamwamba pabwerenso la mvula. Langa la softshell ndinagula nditachoka ku Mulanje kuja, lapita ku mapiri a Chimanimani kawiri, lakhuzika pa miyala ya kumeneko, silinang'ambike.

Madalitso: Chinanso, funsani msuweni wanuyo kuti ndi la mtundu uti. La ski limakhala lotambalala kumapazi kuti likwane pamwamba pa nsapato zikuluzikulu za ski, m'kati muli kansalu kotchinga chipale. Mukalivala ndi nsapato zoyendera limangokupiza, kukola m'zitsamba, kukolopa matope. La okwera mapiri ndi lothinirako kumapazi, kuti zitsulo za mano zija amamanga kunsi kwa nsapato poyenda pa ayezi, ma crampon, zisalikole. Inu mukufunika lachiwirili. Ndipo musatenge lokhala ndi ubweya m'kati. Limakoma pogula, koma m'nkhalango muja mudzapsa nalo, ndipo kuno mudzalivala mwezi umodzi pa chaka. Tengani lopanda ubweya, makamaka lokhala ndi zipi m'mbali mwa ntchafu yolowetsera mpweya.

Mayi Mwale: Ndilowererepo, poti ine mabelo ndimatsegula sabata iliyonse. Mabuluku amenewa amabwera ndithu m'kaunjika, ndipo ambiri amawadutsa poyesa ndi a yunifomu. Ukalipeza, dontheza madzi pa bondo. Akaundana timadontho, mankhwala akadalipo. Akalowa nthawi yomweyo, atha. Kenako ika nsalu pakamwa, uzira mwamphamvu: mpweya uzidutsa movutikira. Yang'ananso msoko wa pakati pa miyendo ndi zipi zonse, chifukwa telala akasoka nsalu yotanuka ndi ulusi wamba msoko umaduka.

Madalitso: Mayi anena zoona. Ndipo ngakhale mankhwala aoneke ngati atha, nthawi zina limangokhala lakuda. Lichapeni ndi sopo wochepa, osathira zofewetsa zovala zija, kenako lisiteni ndi moto wochepa mutayala kansalu pamwamba. Kutenthako kumawadzutsa.

A Phiri a ku Mufakose: Tsono apa mwayamba kuyankhula. La m'kaunjika ndivomera. Koma Chikondi, undiyankhe: ukatsika Kilimanjaro, mapiri upitiriza?

Chikondi: Ndipitiriza, a Phiri. Chaka chamawa ndikufuna ndikafike pa Sapitwa, kwa agogo ku Phalombe ndimangoliona phirilo chapatali. Msuweni wanditumizira chithunzi tsopano lino, kumapazi ndi lotambalala ndipo m'kati muli ubweya. Ndamuuza ayambe waima.

Nabanda: Wachita bwino. Ukapanda kupeza m'kaunjika pofika kumapeto kwa Julayi, umuuze akufunire lopanda ubweya, ndipo pamenepo ine ndinena kuti lipira. Poyesa uvale ndi nsapato zako za m'phiri, unjute, ukweze bondo pa mpando. Likakoka kumbuyo kapena kutsika m'chiuno, lisiye.

Mayi Mwale: Bwera Loweruka m'mamawa, belo la mabuluku ndimatsegula anthu asanachuluke. Unditumizire saizi ya m'chiuno ndi kutalika kwa mwendo.

Chikondi: Zikomo mayi, nditumiza madzulo ano. Likapezeka ndikaliyesa Lamlungu ku phiri la Domboshava. A Phiri, mudzandionerenso nsapato zanga komweko, chidendene chakumanzere chikundipweteka potsika.