Porsche ya zitseko zinayi idakali Porsche?

Makaniko_Ndirande:
Akuluakulu tandithandizeni maganizo. Dzulo pa Ginnery Corner ndinaona Porsche Cayenne yakuda, ija yaitali ya zitseko zinayi, ikulowera ku Limbe, yokongola ndithu koma mtima wanga sunakhazikike. Ine ndinakula ndikudziwa kuti Porsche ndi 911, injini kumbuyo, zitseko ziwiri, yogwandira pansi. Pano kampani ili m'manja mwa Volkswagen ndiye akupanga zigalimoto zazitali zonyamula banja lonse. Kodi dzina likagulidwa ndi kampani yaikulu chimatsala nchiyani, baji yokha?

Wa_ku_Chilomoni:
Achimwene Cayenne musainyoze, ndi imene ikudyetsa 911. Kumayambiriro kwa ma 1990 Porsche inali pa mavuto a ndalama, Boxster, galimoto yawo ina ya zitseko ziwiri, inabwera nkuwapepuza, kenako Cayenne itatuluka mu 2002 mpamene ndalama zinayamba kulowa zenizeni, ndipotu nthawi imeneyo Volkswagen inali isanaitenge yonse, zimenezo zinachitika mu 2012. 911 mpaka lero injini ili kumbuyo komweko. Komanso tinene zoona, ndi maenje athu a dzinja ano 911 mungafike nayo kuti?

MayiAwiri_Namiwawa:
Porsche anaitha, koma taonani Lotus. Colin Chapman, amene anayambitsa Lotus, moyo wake wonse ankalimbikira chinthu chimodzi, galimoto ikhale yopepuka basi. Elise yoyamba sinkafika ngakhale tani imodzi. Geely yaku China itagula mu 2017 anatulutsa Eletre ya magetsi, yopangidwira ku Wuhan, yolemera kuposa matani awiri, pomwe Elise anasiya kupanga mu 2021. Zimenezi zimandiwawa kwambiri chifukwa sikuti anangoonjezera galimoto ina yogulitsa ayi, anachotsa chenichenicho chimene tinkaikondera Lotus.

Wa_ku_Chilomoni:
Apo mwanena zoona asisi, sinditsutsa.

Madala_Nyambadwe:
Ana inu, nkhani yagona pa amene akugwira chiwongolero. Fiat itagula theka la Ferrari mu 1969, Enzo Ferrari anakana kusiya za mipikisano, anagwirabe yekha mpaka anamwalira mu 1988. Lero masheya a Ferrari ali pa msika ku New York kuyambira 2015 ndiye eni masheya amafuna phindu chaka ndi chaka, nchifukwa mu 2022 tinaona Purosangue ya zitseko zinayi, komabe anaikamo injini yaikulu ya V12 ndipo akupangira ku Maranello komwe kuja, kwawo kwa Ferrari ku Italy. Alinso ndi nthambi ya Classiche yosunga mapepala a galimoto zakale, amayang'ana ngati injini ndi giyabokosi zili zoyambirira nkukupatsa satifiketi.

Makaniko_Ndirande:
Madala za Classiche zija zandigwira mtima. Ife pa galaja chimatipweteka ndi masipeya, mwini galimoto akuikonda koma kampani inaiiwala kalekale, timangozungulira mu Limbe kusaka zakale zoti tisule. Ngati ndalama za Cayenne ndi zimene zikupangitsa kuti 911 ya m'ma 1970 ipezebe pisitoni yatsopano, ndasiya kudandaula nayo. Koma ya Lotus ija sindinaimeze.