Zowonjezera pa funso la tramadol ndi opaleshoni ya m'chiuno

Sabata yatha mayi wina wa ku Dwangwa anafunsa ngati bambo awo, omwe amamwa tramadol (mankhwala amphamvu opha ululu) tsiku lililonse komanso kachasu, angaikidwe chitsulo m'chiuno. Tinati n'zotheka, koma pali zina zomwe sitinafotokoze.

Thupi likazolowera tramadol, mankhwala opha ululu sagwira bwino pambuyo pa opaleshoni. Wodwala amakana kudzuka chifukwa cha ululu, ndipo kugona kokhakokha kumaunditsa magazi m'mwendo. Bambowa musawasiyitse tramadol mwadzidzidzi, adokotala azichepetsa pang'onopang'ono.

Kachasu ndiye amatidetsa nkhawa kwambiri. Chidakwa chikaleka mowa m'chipatala, pakapita masiku 2 kapena 3 chimanjenjemera, kubwebweta, kutsika pabedi usiku n'kugwa, chitsulo chija n'kuguluka. Mayi, auzeni adokotala zoona, mabotolo angati patsiku, musachite manyazi. Ngati amasuta fodya, aleke kukatsala masabata 4 kuti achitidwe opaleshoni, apo ayi bala limachedwa kupola.