Mlongo wanga wagwidwa ku Joni chifukwa cha mapepala: angamusunge mpaka liti asanamubweze?

Nabanda, Ntcheu:

Ndikupempha nzeru kwa abale amene mukukhala ku South Africa kapena amene mumadziwa malamulo a kumeneko. Mlongo wanga, yemwe ndidapondana naye, adapita ku Joni zaka 3 zapitazo ndipo wakhala akugwira ntchito ya zomangamanga. Masiku 30 amene adamudindira m'pasipoti pa chipata cha Beitbridge adatha kalekale, ndipo zimenezi sindikubisa. Lachiwiri sabata yatha apolisi adamugwira m'mawa akudikira galimoto yopita kuntchito, ndipo mnzake amene amachita naye lendi ndiye adatiimbira foni. Lero ndi tsiku la 9 ali m'chitokosi cha polisi ina, sanaonekere kubwalo la milandu, foni adamulanda, ndipo mankhwala a matenda a shuga amene amamwa tsiku ndi tsiku adatsala pawindo m'chipinda chake. Mayi athu chimvereni nkhaniyi sakudya. Ena akutiuza kuti adzamutumiza ku Lindela, malo osungirako alendo amene akudikira kubwezedwa kwawo, ndipo kumeneko munthu amatha kukhala ngakhale chaka. Kodi munthu amene mapepala ake adatha ali ndi ufulu uliwonse, kapena tingokhala chete mpaka tsiku limene adzamubweze?

Bambo Phiri, Pretoria:

Pepani kwambiri, Mayi Nabanda. Ufulu ali nawo, ndipo zimene mwafotokozazi zikusemphana ndi malamulo a dziko lino. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa, m'gawo 35, amateteza munthu aliyense amene wamangidwa, ndipo sasankha kuti ndi nzika kapena ndi mlendo. Munthuyo ayenera kuuzidwa chifukwa chimene wamangidwira, aloledwe kuonana ndi loya, alandire chithandizo cha mankhwala, ndiponso aloledwe kulankhula ndi abale ake.

Lamulo limene a Home Affairs, unduna woona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, amagwiritsa ntchito ndi Immigration Act ya 2002. Gawo 41 limalola wapolisi kusunga munthu pofuna kutsimikiza ngati ali ndi chilolezo, koma osapitirira maola 48. Gawo 34 ndilo limanena za kusunga munthu podikira kumubweza kwawo. Kale ofisala wa Home Affairs ankatha kutsekera munthu masiku 30 popanda woweruza kumuona ndi maso, kenako ankakapempha masiku ena 90 kwa majisitireti mwini wakeyo ali m'chitokosi, osadziwa n'komwe kuti nkhani yake ikukambidwa. Bungwe la Lawyers for Human Rights lidakasuma, ndipo mu June 2017 bwalo lalikulu la Constitutional Court lidagamula kuti mchitidwewu ndi wosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Bwaloli lidalamula kuti aliyense wogwidwa pa nkhani yotereyi azikaonekera yekha pamaso pa woweruza pasanathe maola 48, ndipo lidapatsa Nyumba ya Malamulo zaka 2 kuti ikonze gawolo. Zaka ziwirizo zidatha popanda chokonzedwa. Nkhaniyi itabwereranso kubwaloli mu October 2023, oweruza adakwiya mpaka adalamula nduna ya nthawiyo, Aaron Motsoaledi, kuti ilipire kuchokera m'thumba mwake gawo lina la ndalama zimene zidawonongeka pa mlanduwo. Adabwerezanso kuti maola 48 ndi 48 basi, kuti woweruza angalole masiku osapitirira 30, ndipo kuti akafuna kuwonjezera, munthuyo abwerenso kubwalo ndipo masiku owonjezerawo asapitirire 90.

Mukaphatikiza mupeza masiku 120, ndipo amenewa ndiwo malire. Za chaka zimene mwamvazo zili ndi pochokera. Lindela ili ku Krugersdorp, kumadzulo kwa Johannesburg, idatsegulidwa mu 1996, ndipo kwa zaka zambiri inkayendetsedwa ndi kampani ya Bosasa, yomwe pambuyo pake idatchuka pa nkhani za katangale. Anthu ankakhalitsadi kumeneko, moti mu 2014 bungwe la South African Human Rights Commission lidapambana mlandu ku High Court ya ku Johannesburg, pomwe bwalo lidanena kuti kusunga munthu kupitirira masiku 120 ndi kuphwanya lamulo.

Chimene muyenera kufufuza msanga ndi chakuti mlongo wanuyo amusunga pa gawo liti. Ngati amutsegulira mlandu pa gawo 49, wokhala m'dziko popanda chilolezo, umenewo ndi mlandu wa kukhoti ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende yosapitirira zaka 2, kenako n'kumubweza. Pa njira iliyonse mwa ziwirizi, masiku 9 osaonekera kubwalo ndi osaloledwa. Mnzake uja apite lero ndi mankhwalawo pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, afunse nambala ya mlandu ndi dzina la ofisala amene akuona nkhaniyi, kenako akazipereke ku Lawyers for Human Rights kapena ku Legal Aid South Africa. Onsewa salipiritsa anthu osauka.

Mtchona Wakale, Mangochi:

Zonse zimene alemba Bambo Phiri ndi zoona, koma ine ndidaziphunzira nditabwerera kale kumudzi. Ndidasungidwa masiku 74 ndisanabwezedwe, ndipo malo ake sinditchula. Masikuwo ndimawadziwa bwino chifukwa ndinkaboola kabowo kamodzi m'mawa uliwonse pa chikuto cha katoni imene ndinkagonera, poopa kuti mutu ungasokonezeke. M'chipinda chimene munayenera kugona anthu ochepa tidali mulu, bulangete limodzi anthu awiri, nsikidzi zosaneneka, ndipo mkulu wina wa ku Mozambique ankatsokomola usiku wonse popanda womufunsa kuti akudwala chiyani. Tsiku lachitatu adandibweretsera pepala la Chingerezi ndi kundilozera pamene ndiyenera kusaina. Ndidasaina, popeza ndinkaganiza kuti ndikavuta ndikhalitsa. Ndidadzamva pambuyo pake kuti lamulo limati munthu auzidwe za ufulu wake m'chilankhulo chimene amamva ngati n'kotheka, ndiponso kuti apatsidwe kalata yomudziwitsa kuti abwezedwa ndi kuti ali ndi mwayi wochita apilo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si chitokosicho ayi, koma thukuta langa. Bwana amene ndinkamugwirira ntchito adali asanandilipire miyezi 2, ndipo atamva kuti ndagwidwa adasiya kuyankha foni. Firiji, bedi ndi njinga zimene ndidagula pang'onopang'ono m'zaka 4 zidathera m'manja mwa anthu. Ndidatsika basi pa Mwanza nditanyamula jumbo imodzi yokha, m'kati mwake muli malaya awiri ndi mswachi.

Choncho, chemwali, uzani mnzakeyo asonkhanitse katundu wa mlongo wanu sabata ino, ndipo alembe masiku onse amene adagwira ntchito osalipidwa. Bwalo loona za ntchito la ku South Africa lidagamula mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, kuti munthu wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo ndipo angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pakati pa antchito ndi mabwana awo. Chenjeraninso ndi anthu amene adzakuimbireni kuti mutumize ndalama kuti amutulutse. Achibale anga adagulitsa mbuzi 3 n'kutumiza, koma ndalamayo idangolowa m'madzi.

Nachisale, Lilongwe:

Ndikumva chisoni ndi banja lanu, mayi, koma ndiloleni ndinene mbali ina. Dziko lililonse lili ndi mphamvu yobweza munthu amene wakhala popanda chilolezo, ndipo palibe loya amene angasinthe zoti masiku a mlongo wanu adatha. Konzekerani kuti abwera, ndiponso kuti malinga ndi ndondomeko za 2014, wopitirira masiku ake ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa zaka 5. Chimene tikulimbirana pano ndi m'mene munthu akusungidwira pamene akudikira ulendowo, ndipo pamenepa ife Amalawi tisamaloze chala ngati kuti kwathu kuno n'koyera.

Mu May 2023 boma lathu lidayamba kugwira anthu othawa kwawo amene ankakhala m'matauni kuti abwerere ku Dzaleka. Apolisi ndi asilikali adalowa m'makomo ndi m'mashopu muno mu Lilongwe, anthu mazanamazana adatengedwa, ndipo ambiri adayamba asungidwa kundende ya Maula, ena ali ndi ana aang'ono, asanawatumize ku Dowa. Msasa wa Dzaleka udatsegulidwa mu 1994 ndipo udakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma panthawiyo udali kale ndi anthu oposa 50,000. Tikumbukirenso anyamata a ku Ethiopia amene amagwidwa akudutsa m'dziko muno pa ulendo wa ku Joni komweko. Kwa zaka zambiri ena mwa iwo akhala akutsalira m'ndende zathu atamaliza kale chilango chawo, chifukwa chakuti palibe ndalama zowabwezera kwawo, ndipo amagona pamodzi ndi akaidi a milandu ikuluikulu. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lathu limanenanso za maola 48 omwewo. Mayi wa ku Ethiopia amene sakudziwa kumene kuli mwana wake alibe kusiyana ndi mayi anu a ku Ntcheu, ndipo ine ndimadabwa kuti mawayilesi athu amafuula Mmalawi akagwidwa ku Joni koma amatsitsa mawu mlendo akaiwalidwa ku Maula.

Bambo Phiri, Pretoria:

Mayi Nachisale anena zoona pa nkhani ya zaka 5, ndipo sindikufuna kuti Mayi Nabanda ayembekezere kuti khoti lidzamupatsa mapepala. Amene angaletse kubwezedwa ndi munthu amene akuthawa nkhondo kapena chizunzo, chifukwa gawo 2 la Refugees Act ya 1998 limaletsa kubweza wotereyo kumene moyo wake uli pa chiswe, koma kufunafuna ntchito sikuwerengedwa pamenepo. Ndidaiwala chinthu chimodzi chofunika. Pangano la ku Vienna la 1963 limapatsa mlendo womangidwa ufulu wakuti akazembe a dziko lake adziwitsidwe iye akapempha. Malawi ili ndi ofesi ya kazembe kuno ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg, ndipo ndi iwo amene amatsimikiza kuti munthu ndi Mmalawi ndi kumulembera chikalata choyendera ngati pasipoti yasowa kapena yatha ntchito. Anthu ambiri amakhalitsa chifukwa chodikira chikalata chimenechi, kotero atumizireni dzina lake lonse, mudzi, mfumu yaikulu, boma ndi chithunzi cha chiphaso cha unzika musanadikire kuti iwo akufunseni.

Nabanda, Ntcheu:

Zikomo nonse. Mnzake uja wapita m'mawa uno ndipo mankhwala awalandira, ngakhale sanamulole kumuona. Nambala ya mlandu amuuza kuti abwere mawa chifukwa mwini fayilo sanabwere kuntchito. Chithunzi cha chiphaso cha unzika tachipeza m'foni ya mlamu wanga, ndipo ndachitumiza kale. Bambo Phiri, kodi masiku 120 aja amayamba kuwerengedwa tsiku limene adamugwira, kapena tsiku limene adzafike ku Lindela?

Bambo Phiri, Pretoria:

Maloya amawerenga kuyambira tsiku limene munthu wayamba kusungidwa podikira kubwezedwa, ngakhale akadali m'chitokosi cha polisi, kotero masiku a kupolisiwo sayenera kutayika. Ngati amutsegulira mlandu wa gawo 49, chiwerengerocho chimayamba mlanduwo ndi chilango chake zikatha. Lembani tsiku la Lachiwiri lija ndi ola lake papepala, chifukwa ndilo funso loyamba limene loya adzafunse mnzakeyo mawa.