Tizidutswa ta chipolopolo tatsala m'ntchafu, akuti tisiyidwe momwemo?

Wofunsa, Mufakose: Abale anga kuno ku Harare, ndigawireniko nzeru. Mlongo wanga ndi mlonda, ndiye mbava zinamuwombera pantchafu, pamwamba pang'ono pa bondo. Chipolopolo chinaphwanyikira mkati, pa X-ray tizidutswa mbwee ngati mchenga. Adokotala anachotsa minofu yakufa ndi kansalu ka buluku komwe kanalowa, koma bala sanalisoke, ndipo akuti tizidutswa tambiri sadzatichotsa. Amalume ku Dedza akulimbikira pafoni kuti chitsulo chimayenda mpaka kumtima, tipite naye kumudzi. Amayi sakugona tulo. Titani?

Namwino, Highfield: Achemwali, mtima m'malo. Kusasokako ndi dala. Minofu ina yovulala imadziwika kuti yafa pakapita masiku, ndiye mukatseka msanga mwatsekera mafinya mkati. Amalitsuka, amalionanso, likayera amasoka, kawirikawiri pakatha masiku 4 kapena 5. Kufunafuna kachidutswa kalikonse kumang'amba minofu yabwino ndi mitsempha, pamene thupi lokha limatikuta n'kukhala phee. Zoyenda mpaka kumtima zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri, kakalowa mumtsempha waukulu.

Chimene chandigwira mtima ndi bondolo. Afunseni adokotala mosapita m'mbali ngati kalipo kamene kalowa m'bondo mwenimwenimo. Madzi a m'mfundo amasungunula mtovu wa m'chipolopolo pang'onopang'ono, umalowa m'magazi, ndiye koteroko amachotsa. Zizindikiro za mtovu m'magazi zimanyenga, kupweteka m'mimba, kudzimbidwa, kufooka, kuchepa magazi, ndipo zimatha kubwera patadutsa miyezi kapena zaka, munthu ataiwala za mfuti. Mtovu umayezedwa m'magazi.

Bambo wa ku Mabvuku: Amalumewo akudziwa njira yake? Kuchoka ku Harare kudzera pa Nyamapanda ndi Tete, kudikira pamalire, mwendo uli chopinda m'basi. Magazi akhoza kuundana m'mwendo. Ayambe wachira.

Namwino, Highfield: Zoona bambo. Muonetsetsenso kuti wabayidwa jakisoni wa kafumbata, ndipo pabalapo pasapakidwe mankhwala achikuda. Akatentha thupi, bala likanunkha, mwendo ukatupa kwambiri kapena phazi likazizira n'kuchita dzanzi, musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Mapepala ndi X-ray musunge, azidzanena za tizidutswato asanalowe m'makina a MRI ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, poti zipolopolo zina zimakhala ndi chitsulo chokokedwa ndi maginito.

Wofunsa, Mufakose: Zikomo anamwino, za bondozo ndikafunsa mawa. Nanga amalume ndiwauze bwanji osaoneka wamwano?